Makalipa Ofiira pa Ukwati wa Tadala

Mukadzafika kwathu kuno ku Kaomba n'kumva anthu akunditchula kuti "a Pitirirani," musadzafunse pa gulosale kumene dzinali linachokera. Kumeneko amakokomeza. Ena amati ndinagwetsa mpanda wa tchalitchi, ena amati ndinkathawitsa mkwatibwi kupita naye ku Zambia. Kuli bwino ndifotokoze ndekha, mwini wake wa manyaziwo.

Chaka chimenecho fodya anatiyanja. Mabelo anga anayenda bwino ku okushoni, ndipo nditabweza ngongole ya feteleza n'kulipira matenanti anga, panatsala kangachepe koti munthu n'kupenga nako. Ndinagula galimoto. Inali yakale ndithu, yoyera, ya magiya apamanja, koma malimu a matayala ake anali onyezimira, a zibowo zikuluzikulu zoti mkono n'kulowa. Handibuleki inali yoduka chigulire. Zimenezo sizinandidetse nkhawa, chifukwa kuno kwathu n'kosalala ngati mphasa, komanso pansi pa mpando ndinkasungapo njerwa yotsamiritsa tayala ndikaima.

Tsono kunyumba kwathu kunali kukubwera ukwati wa Tadala. Tadala ndi mng'ono wawo wa mayi a Chifundo, akazi anga. Anabwera m'nyumba mwathu ali Sitandade 3, mayi awo atamwalira, atanyamula kajumbo ka zovala ndi kapu yapulasitiki. Anakulira m'manja mwathu. Amanditchula kuti alamu, koma malungo akamugwira amene ndinkapalasa naye njinga kupita ku chipatala ndi ine, ndipo atalephera masamu amene ndinakatukwanidwa ndi ahedi ndi ine ndemwe. Wodzamukwatira anali mphunzitsi wa ku Kapelula, mnyamata wofatsa wa kwa a Mwale.

Akuchimuna anafuna kuchita hayala galimoto ya ku Boma yonyamula mkwatibwi. Tadala anakanitsitsa.

"Ine andinyamula alamu anga," anatero pamaso pa ankhoswe. "Ya hayala ikwere ena."

Wodzalowa naye m'tchalitchi anali amalume ake, monga mwa mwambo, paja mbumba ndi yawo. Ine gawo langa linali la msewu basi, kuchoka pakhomo pathu kukafika pa geti la tchalitchi. Koma gawo limenelo ndinalitenga ngati ufumu. Ndinalumbira mumtima kuti mwanayu adzafika pa ukwati wake mwaulemu woti a ku Kapelula akasimbe kwawo.

Kutatsala sabata ziwiri ndinapita ku Boma kwa a Gondwe, makaniko wanga, kuti akasinthe oilo. Ndili chikhalire pa tayala lakutha, panalowa galimoto ya mnyamata wina wa mabizinesi. Kuseri kwa malimu ake kunkaoneka tizinthu tofiira psuu, ngati tomato wobisala m'masamba. Mtima wanga unangoti go pomwepo.

"A Gondwe, zofiirazo n'chiyani?"

"Makalipa amenewo, dada. Ndi zitsulo zimene zimafinya buleki mukaponda."

"Nanga anga bwanji ali adzimbiri?"

"Chifukwa simunapente."

Ndinafunsa mtengo. Atautchula, mutu wanga unawerenga msangamsanga monga mmene timawerengera alimi tonse kuno: linali theka la thumba la feteleza. Ndinaimirira pa tayala paja.

"Theka la thumba? Tizitsulo tiwiri tokwana m'manja?"

"Yayi dada, simukulipira kukula kwa chitsulo," anatero a Gondwe akupukuta manja. "Penti wake ngwapadera, sapsa ndi kutentha. Ndiye ndimasule, nditsuke, ndiphimbe malabala, ndipente, ndibwezeretse, kenako ndichotse mpweya m'mapaipi. Kuchotsa mpweyako ndiye ntchito yeniyeniyo."

Mawu otsirizawo ndinawamva monga mmene timamvera zolengeza za kumapeto kwa mapemphero, makutu ali pompo koma maganizo ali kunja. Ndinawauza a Gondwe kuti ndikaganiza kaye. (Munthu wa kuno akati akaganiza kaye, dziwani kuti waganiza kale, ndipo waganiza zolakwika.)

Madzulo ndinawauza mayi a Chifundo za pulani yanga, yoti ndipenta ndekha ndi penti wofiira amene anatsala pamene tinkapenta ngolo.

"Kodi mkwatibwiyo akakhala ku matayala?" anafunsa osasiya kusankha nyemba.

"Simungamvetse, mayi. Ndi zokongoletsa."

"Tili ndi maliboni, tili ndi mabaluni. Bambo a Chifundo, isiyeni galimotoyo mmene ililimo."

Ndinawakumbutsa kuti ndine munthu amene ndinamanga chigafa ndekha, ndimakonza pampu ya pa dimba ndekha, ndipo wailesi yathu ndinaitsegulapo kawiri. Anandikumbutsa kuti wailesiyo siyankhulanso. Tinasiyira pomwepo.

Lolemba la sabata ya ukwati ndinayamba ntchito pansi pa mtengo wa mango. Ndinakweza galimoto ndi jeke, n'kuikhazika pa zitsa ziwiri, n'kuchotsa matayala akutsogolo. Ndi masipanala a ngolo ndinamasula kalipa woyamba. Anatuluka bwinobwino, kungoti anali atamangirirabe ku kapaipi kalabala. Ndinakayang'ana kapaipiko, nako kanandiyang'ana. Ndinamasula. Mafuta a buleki anayamba kudontha, ndiye ndinasema kamtengo n'kutsekapo. Mbali inayo chimodzimodzi. Pamene dzuwa limafika paliwombo, makalipa onse awiri anali m'beseni, ndikuwatsuka ndi parafini, ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Kupenta kunandikomera. Ndinapenta pamwamba, pansi, m'kati, m'mbali, malabala omwe, paliponse pamene burashi inafika. Ndinkati ntchito ya theka ndi ya anthu aulesi. Nditamaliza ndinaima n'kudzifunsa kuti ndiumitsa kuti. Apa nzeru za ulimi zinandibwerera. Chinthu chofunika kuuma bwino, chosafuna dzuwa lamphamvu koma kamphepo kodutsa, malo ake ndi m'chigafa. Fodya anali atapita kale ku msika, chigafa chili mbee. Ndinamanga makalipa aja ndi twaini n'kuwapachika pa mikangala, motalikirana bwino kuti mpweya uzidutsa pakati, monga tichitira ndi masamba.

A Makwinja, tenanti wanga wochokera ku Phalombe amene takhala nawo zaka zambiri, anandipeza nditagwira m'chiuno ndikusirira ntchito yanga. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Bwana, fodya ameneyu ngwa giredi yanji?"

"Ndi mabuleki, a Makwinja."

"Ooo." Anakanda m'mutu. "Ndiye galimotoyo ikuima ndi chiyani panopa?"

"Ili pa zitsa. Siikupita kulikonse."

Anagwedeza mutu n'kumapita, koma ndinawamva akuitana akazi awo kuti adzaone.

Chimene sindinachiganizire ndi mphepo ya Ogasiti. Lachiwiri m'mawa ndinapeza makalipa anga atavala fumbi, tizinyenyeswa ta fodya, ndi nthenga imodzi ya nkhuku. Ndinapala n'kupentanso. Lachitatu zomwezo, ndinapentanso kachitatu, tsopano mokhuthala kuti zibisike. Lachinayi ndinakhudza ndi chala, chala chinakanirira. Penti wa ngolo ali ndi nthawi yake, sadziwa za ukwati. Lachisanu m'mawa ndinataya ulemu wonse wa m'chigafa, ndinawatsitsa n'kukawayanika pa denga la malata ngati mphale.

Masana a Lachisanu lomwelo, pakhomo pali piringupiringu, azimayi akusenda anyezi, alendo akufika, ine ndinali pansi pa galimoto ndikubwezeretsa. Zinalowa movutikira chifukwa penti anali atanenepetsa chilichonse, koma nyundo inathandiza. Manja anga anafiira mpaka m'zigongono. Ndinathira mafuta a buleki atsopano mpaka kudzaza, n'kubwezera matayala, n'kubwerera m'mbuyo masitepe atatu.

Abale anga, zinali zokongola. Ndisaname. Kuseri kwa malimu kunali psuu, kuposa za mnyamata wa ku Boma uja. Ndinawerengera zimene ndinawononga: burashi, parafini, kabotolo ka mafuta a buleki. Zonse pamodzi sizinakwane mtengo wa nkhuku imodzi. Ndinawaitana mayi a Chifundo kuti adzaone theka la thumba la feteleza limene ndapulumutsa. Anayang'ana, anati "Chabwino," n'kubwerera ku anyezi.

Kenako ndinalowa kuti ndiyese. Ndinaponda buleki. Phazi linalowa ngati ndaponda papaya lakupsa. Ndinapondanso, chimodzimodzi. Kachitatu inagwira pang'ono. Ndinazungulira mtengo wa mango kawiri, ndipo ndinapeza kuti ndikapopa katatu galimoto ikuima ndithu.

A Makwinja anali chiimire poteropo ndi mtolo wa nkhuni za ukwati.

"Bwana, bwanji osawaimbira a Gondwe angodzaona?"

"Penti akadali wanthete, a Makwinja. Pofika mawa zikhala zitakhazikika."

Kunena zoona, mawu a mpweya wa m'mapaipi aja anandibwerera nthawi imeneyo. Koma kuimba foni kukanatanthauza kuvomera, ndipo a Gondwe akanabwera pakhomo podzaza alendo n'kundifunsa mafunso pamaso pa abale a akazi anga. Ndinasankha kukhulupirira penti. Paja amati safunsa anadya phula.

Loweruka kunacha bwino. Galimoto inavala maliboni oyera ndi mabaluni. Ine ndinavala suti, manja ali ofiirabe ngakhale ndinawakwecha ndi mchenga. Tadala anatuluka m'nyumba atavala velo, ndipo nditamuona ndinakumbukira tsiku limene anafika kwathu. Kamwana ka kajumbo kaja. Anakhala kumbuyo ndi mnzake womugwirizira, mayi a Chifundo kutsogolo pambali panga. Kumbuyo kwathu kunali lole yodzaza azimayi oimba.

Ulendo unayamba bwino. Msewu wafumbi, wosalala, ine ndikuyenda pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Pa mphambano mbuzi zinadutsa. Ndinapopa katatu, sizinatheke, kachinayi, kachisanu, inagwira. Mayi a Chifundo anayang'ana phazi langa, kenako nkhope yanga.

"Mukuvina?"

"Nyimboyo yandilowa," ndinatero.

Apa munthu wanzeru akanaima n'kuulula. Koma lole inali kuliza hutala kumbuyo, azimayi akuimba mokweza, anthu a m'mbali mwa msewu akukupiza manja, ndipo ndinaona anyamata ena akuloza matayala anga. Mtima unakula. M'malo mochepetsa, ndinawonjezera moto pang'ono kuti tifike mwamphamvu.

Tsono m'dera lathu lonse muli malo amodzi okha otsetsereka, ndipo ndi pamene makolo athu anasankha kumangapo tchalitchi, cha kufupi ndi dambo. Titayamba kutsika ndinaona geti, khamu la anthu, azimayi a chigwirizano atavala zoyera, mkwati ataima ndi duwa pachifuwa, amalume a Tadala atakonza tayi. Ndinaponda buleki. Papaya. Kawiri, katatu, kasanu, kasanu n'kawiri. Phazi linkafika pansi n'kumagogoda chitsulo.

Ndinaliza hutala kuti anthu achoke. Koma pa ukwati hutala ndi chimwemwe. Azimayi anayankha ndi nthungululu n'kusendera pafupi ndi msewu. Ndinatulutsa dzanja pawindo kuwakankhira kutali, iwo anandibwezera moni ndi manja awiri. Ndinakuwa kuti "Chokani! Chokani!" koma lole inali itayambitsa nyimbo ina. Mwamwayi pakati pa msewu panalibe munthu. Ndinagwira chiwongolero zolimba, osakhotera pa geti, ndipo tinapitirira. Ndinaona nkhope ya mkwati ikutembenuka pang'onopang'ono kutsatira mkazi wake, pakamwa pali yasa.

"Bambo a Chifundo," anatero mayi motsitsa mawu, "tchalitchi chatsala m'mbuyo."

"Ndachiona."

"Nanga?"

"Buleki."

Kenako anawerama n'kuyamba kufufuza pansi pa mpando.

"Mukufuna chiyani?"

"Njerwa yanu ija!"

Kunjaku zinthu zinali zitatembenuka. Mukudziwa kuti pa maukwati athu woyendetsa mkwatibwi nthawi zina amachita dala, amakana kumutsitsa mpaka akuchimuna afupe. Ndiye a ku Kapelula anaganiza kuti ndi zimenezo. Pagalasi ndinaona azakhali a mkwati, mayi wathupi ndithu, akuthamanga pambuyo pathu atakweza ndalama m'mwamba.

"Imani alamu! Tikufupa! Imani, nayi ina!"

Ena anawatsatira, akuponya ndalama pa buti, akuseka, akuti dalaivala wa chaka chino ngwovuta. Ine thukuta lili kamukamu, ndikubweza magiya, thiri, thu, wani, injini ikulira ngati ng'ombe yokana goli. Kutsogolo kunali dambo ndi kamlatho kamitengo. Kumanzere kunali munda wa abusa, wokololedwa kale. Ndinasankha abusa, poti ntchito yawo ndi kukhululuka.

Tinalowa m'mizere. Galimoto inadumpha mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, mitu yathu ikugunda denga, mabaluni akuphulika limodzilimodzi. Pa mzere wachisanu ndi chimodzi tinakalowa mu mulu wa mapesi, injini n'kuzima yokha. Fumbi linatikuta. Mayi a Chifundo anali atafumbata njerwa pachifuwa, maso ali otseka, milomo ikuyenda.

Nditaona kuti tonse tili amoyo, mantha anachoka, m'malo mwake munalowa chinthu china cholemera kuposa mantha. Ndinayang'ana pagalasi. Tadala anali ataweramira pansi, velo itaphimba nkhope, mapewa akugwedezeka. Mtima wanga unasweka. Mwana anakana galimoto ya hayala pamaso pa ankhoswe chifukwa cha ine, ndipo ine ndamutaya m'munda pa tsiku lake, chifukwa cha penti wa ngolo. Sindinadzidepo moyo wanga wonse ngati mmene ndinadzidera pa mphindi imeneyo.

"Tadala," ndinatero. "Mwana wanga, pepa. Ndalakwa ine."

Anakweza velo. Misozi inalipo ndithu, yochita kutsika ndi zopakapaka za kumaso, koma mwanayo anali akuseka mpaka kulephera kupuma.

"Alamu," anatero atapeza mpweya, "ngati simukufuna kundipereka, bwanji osangonena kunyumba konkuja?"

Ndinafuna kuseka naye, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Ndinatembenukira kuwindo n'kunamizira fumbi.

"Tsikani mudzandigwire," anatero. "Nsapato izi si zoyendera m'mizere."

Ndinatsika, ndinamutsegulira chitseko, iye n'kukolowetsa mkono wake mu wanga. Pamenepo khamu linali litafika, azakhali aja patsogolo akupuma mwabefu. Ataona mapesi pa boneti ndi nkhope ya mayi a Chifundo, anazindikira kuti sanali masewera. Kenaka mayi wina wachikulire wa chigwirizano anamasula chitenje chake chapamwamba n'kuchiyala pa mzere patsogolo pa Tadala. Wina anayala chake. Wina chake. Nyimbo inayambanso, ndipo tinayenda pa zitenje kuchoka m'munda wa abusa, azimayi akutola za m'mbuyo n'kuthamanga nazo kutsogolo, mpaka kukwera kamtunda konse kaja. Tadala sanandisiye mkono. Pa geti ndinafuna kumusiya, poti gawo langa linathera pamenepo, koma anandifinya n'kunong'ona kuti, "Mpaka pakhomo."

Pakhomo la tchalitchi amalume ake anandiyang'ana kuyambira ku nsapato zafumbi mpaka ku manja ofiira.

"Mwafika, akamwini."

"Tafika, amalume."

Anamutenga n'kulowa naye. Ukwati unachedwa ndi theka la ola basi, ndipo abusa mu ulaliki wawo anangonenapo kamodzi kokha kuti m'banja mumafunika kudziwa poima.

Lolemba a Gondwe anabwera pa njinga yamoto ndi bokosi la zida, galimoto ikadali m'munda. Anagwada, anasuzumira kuseri kwa limu, anakhudza ndi chala n'kununkhiza.

"Mwapenta bwino, dada. Ngwa ngolo?"

Ndinavomera ndi mutu. Sanaseke, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanaseka. Anandionetsa kuti m'mapaipi munali mpweya wokhawokha, kuti mbali imodzi ndinaiwala kawashala kakang'ono moti mafuta ankadontha msewu wonse, ndiponso kuti parafini ndi penti zinali zitadya malabala onse. Anapala penti wanga yense, anagula malabala atsopano ndi zina zimene ndinaziphwanya ndi nyundo, n'kuwonjezerapo ulendo wawo wa pa njinga. Zonse pamodzi zinakwana thumba lathunthu la feteleza ndi theka lina pamwamba. Ndinalipira osanenerera. Ndalama zimene a ku Kapelula anaponya pa buti ndinkati zithandizepo, koma mayi a Chifundo anali atazitola kale n'kukapatsa eni ukwati. Atamaliza, a Gondwe anafunsa ngati ndikufunabe kuti apente. Mayi a Chifundo anayankha ndisanatsegule pakamwa, ndipo makalipa anga ndi akuda mpaka lero.

Ndiye mukandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu, ndinaphunzira. Buleki si fodya, ndipo chinthu chimene chanyamula moyo wa mwana wa eni sichiyesedwa pozungulira mtengo wa mango. Ndikaganiza za kamlatho ka pa dambo kaja, mpaka pano ndimachita mantha.

Koma pali china chimene ndimangochinena chamumtima. Ndikanawalipira a Gondwe theka la thumba lija, ndikanaima bwinobwino pa geti, Tadala akanatsika, ine n'kukaimika galimoto pamthunzi ngati dalaivala wina aliyense. M'malo mwake ndinayenda naye mwana amene ndinalera, atandigwira mkono, mudzi wonse ukuona, mpaka pakhomo la tchalitchi. Tsiku lina ndinayesa kuwafotokozera zimenezi mayi a Chifundo, kuti mwina thumba ndi theka sizinapite pachabe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, maso awo atalenga misozi pang'ono. Kenako anadzuka, anakatenga chitini cha penti wotsala, n'kukachiponya m'chimbudzi.